Matope a pa Jombo za a Norman

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Canada ndinaipeza pakhomo la tchalitchi, nditawerama kupukuta nsapato za bambo a kunyumba. Tinali titatha miyezi isanu ndi itatu ku Brampton. Iwo anali atalowa kale ntchito yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, ine ndili phwii m'chipinda chapansi chomwe tinkachita lendi, satifiketi yanga yosamalira okalamba ili m'sutikesi. Kwathu ku Dedza ndinali mphunzitsi wa pulayimale zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ana ankandidziwa bwino. Pa asembule ndinkayenda mzere ndi mzere kuyang'ana zikhadabo, makolala ndi mapazi. Wopanda nsapato sindinkamuvuta, bola mapazi akhale otsuka, koma wobwera ndi nsapato zafumbi ankandiona. Khalidwe limeneli ndinakwera nalo ndege.

Ndiye Lamlungu limenelo ndikupukuta, ndinamva munthu akuseka kumbuyo kwanga. Anali Mayi Zulu, nesi wochokera ku Chipata, amene ankayang'anira antchito pa kakampani kena kotumiza anthu m'makomo kukasamalira okalamba.

"Iwe, amuna ako ali na manja," anatero. "Manje ngati ukonda kupukuta so, nili na nkhalamba ku Oakville ifuna munthu. Pepala uli nalo?"

Ndinati ndili nalo. Lolemba la sabata yotsatira ndinali m'basi yoyamba mwa mabasi atatu, m'chikwama muli magolovesi, nsapato zam'nyumba ndi mantha.

Nkhalambayo inali a Norman, bambo wamtali wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wobadwira ku England. Ankakhala m'kanyumba ka njerwa kopanikizika pakati pa zinyumba za anthu olemera. Akazi awo anali atamwalira zaka zitatu zapitazo. Anali ndi matenda oiwala, ndipo bondo lawo lakumanzere silinkapindika bwino, moti ankayenda ndi ndodo. Usiku kunkagona mnzanga wina wa kampani yathu, Loweruka ndi Lamlungu kunkabwera winanso, ine wanga unali usana, Lolemba mpaka Lachisanu.

Tsiku loyamba ndinakumana ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Linda, amene ankagwira ntchito mu ofesi m'katikati mwa Toronto. Anandionetsa khitchini, bafa ndi makiyi, kenako anatseka chitseko kuti bambo ake asamve.

"Atulukapo kawiri osadziwika komwe apita," anandiuza. "Akatulukanso kachitatu ndidzawapititsa kunyumba yosungira okalamba. Malo ndinalembetsa kale. Sindikufuna, koma ndidzatero."

Sindinachedwe kuona chifukwa chomwe sankafunira. M'nyumba imeneyo a Norman anali munthu. Sankadziwa chaka chomwe tinalimo, dzina langa ankaliiwala ndisanamalize kulitchula, koma dzanja lawo linkapita lokha pa kapu yawo, pa mpando wawo, pa msomali wokolekapo chipewa. Tsiku lina tinapita nawo kuchipatala, ndipo kumeneko anangokhala kakasi, akunjenjemera, kufunsa aliyense wodutsa kuti awaperekeze kwawo. Ndinadziwa kuti kuwachotsa m'nyumba muja kunali kuwamaliza.

Ntchito yake inkayenda motere. Ndikafika eyiti koloko, ndinkasamba m'manja, kuwerenga zomwe wausiku walemba m'buku, kenako kugogoda kuchipinda. Munthu woiwala sumufikira chakumbuyo. Umabwera kutsogolo kwake, akuone, unene dzina lako ngati mukukumana koyamba, ndipo umamuuza chinthu chimodzi pa nthawi. Powadzutsa pabedi ndinkawamanga lamba wokhuthala m'chiuno, kugwira lambayo chakunsi, mapazi anga motalikirana, n'kuwerenga mpaka katatu. Kubafa kunali mpando wapulasitiki ndi kamphasa ka labala koletsa kuterereka. Madzi ndinkayamba ndawayesa pamkono panga, ndipo ndinkayambira kumapazi kukwera m'mwamba, chifukwa madzi ofikira kumutu amawadzidzimutsa. Paphewa ndinkawafunditsa thaulo kuti asachite manyazi. Povala timayamba ndi mwendo wovuta, povula timamalizira womwewo. Mankhwala anali m'kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri. Changa chinali kutsegula chipinda cha tsikulo, kuona kuti ameza, n'kulemba.

Zonsezi ndinazigwira msanga. Zomwe zinandivuta zinali ziwiri, ndipo zonse ndinachoka nazo kwathu. Choyamba, ndinkagwada powapatsa tiyi. Linda atandiona anachita manyazi mpaka makutu kufiira, ndipo Mayi Zulu anandiimbira foni madzulo ake.

"Eneless, kuno sitigwadira kasitomala. Azaganiza kuti tinakugula."

Ndinasiya, ngakhale mawondo ankachita kuyabwa. Chachiwiri chinali mabatani. A Norman ankatha mphindi zambiri akulimbana ndi batani limodzi la shati, zala zikunjenjemera, ndipo ine ndinkangolowererapo, phaphapha, ndamaliza. Mayi Zulu atabwera kudzandiyendera anaziona.

"Mabatani asiyire. Olo atenge maminitsi teni, ni yao."

Pakamwa ndinati chabwino Mayi. Mumtima ndinati mayi awa akhalitsa kunja. Kwathu kuonerera munthu wamkulu akuvutika iwe manja uli nawo ndi mwano, ndipo ine amayi anga sanalere mwana wamwano. Iwo atangotuluka ndinapitiriza kumanga mabatani.

Kubafa n'kumene ndinamva za mpira. Ine mpira sindinkaufuna n'komwe, chifukwa kwa ine unali chinthu chomwe chimachititsa bambo a kunyumba kukalipira wailesi ya kanema. Koma madzi ofunda akangofika pa bondo lija, a Norman ankayamba, ndipo nkhani yake inali imodzi yokha: sizoni imodzi ya zaka za m'ma 1950, pamene anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, wotchinga kumbuyo chakumanzere mu timu ya tauni ina ya mafakitale kumpoto kwa England. Chaka chapitacho timuyo inali itatuluka mu ligi yaikulu n'kugwera mu ligi yachiwiri, ndipo tauni yonse inkafuna kubwerera. Okwera anali matimu awiri okha apamwamba.

Munthu amene sankadziwa ngati wadya kapena ayi ankaikumbukira sizoni imeneyo Loweruka ndi Loweruka. Ankati mpira wake unali wachikopa, womanga ndi chingwe, ndipo ukanyowa unkalemera moti ukaumenya ndi mutu chingwecho chinkasiya chizindikiro pamphumi. Apa ankagwira dzanja langa kuti ndikhudze pamphumipo. Ankati ikamafika Khirisimasi pabwalo sipankakhala udzu, ankangosewera m'matope ofika m'kakolo, tsiku la Khirisimasi lenilenilo, mawa lake n'kukwera sitima kukabwereza ndi timu yomweyo kwawo. Ankanena za anthu otuluka m'fakitale masana a Loweruka molunjika kubwalo, atavala zipewa, utsi wa fodya uli tolo. Ndiye pa Pasaka, pamene ankasewera katatu m'masiku anayi, wina anawagwera pa bondo.

"Masiku amenewo kunalibe zosintha osewera," ankatero. "Ukavulala, trena ankathamanga ndi ndowa ndi siponji, kugwada, kukufinyira madzi ozizira, n'kukuuza kuti dzuka. Wolumala ankakaima ku wing'a. Sungathamange, koma uli m'bwalo. Satuluka munthu."

Anaima ku wing'a ola lathunthu ndi bondo losweka. Timuyo inamaliza pa nambala yachitatu, sinakwere, ndipo iwo sanasewerenso. Anabwera ku Canada n'kukalamba akugwira ntchito m'fakitale ya magalimoto. Koma mathero amenewa ankawakumbukira mwa apo ndi apo. Masiku ambiri m'mutu mwawo Pasaka inali isanafike, timu inali pa nambala yachiwiri, ndipo Loweruka kunali mpira. Nditawafotokozera bambo a kunyumba, anaseka n'kunena kuti, "Ligi yachiwiri? Ndiye kuti sanali katswiri." Ndinawayankha mokalipa mpaka ndinadzidabwa ndekha. Ndi pomwe ndinazindikira kuti nkhalambayo ndayamba kuikonda.

Tsopano jombo. Pafupi ndi khomo lakuseri, pa nyuzipepala, pankakhala jombo zakalekale zampira, zofika pamwamba pa kakolo, zolimba kutsogolo, kunsi zili ndi mano achikopa okhomera ndi misomali. Zinali zofiirira, zosawala, zokutidwa ndi matope ouma, m'kati atazinyinyirizamo mapepala. Pambali pake panali mpeni wakale wopakira batala ndi kachitini ka mafuta oundana opaka zikopa. Lolemba lililonse ndinkazipeza ndi matope. Ndinkakolopa mozizungulira mtima ukundiwawa, ndikunyoza mnzanga wa Loweruka kuti ndi waulesi. Pa pepala la ndondomeko ya ntchito, lomwe linamatidwa pa firiji, panalibe mawu alionse onena za jombo. Sindinafunse aliyense, ndipo paja safunsa anadya phula.

Chakumapeto kwa Novembala mnzanga wa Loweruka anadwala, ndipo Mayi Zulu anandipempha kuti ndigwire m'malo mwake. Lachisanu lake masana, a Norman akugona, ndinati lero ndiye lero. Ndinatenga jombo zija n'kupita nazo kuchipinda chochapira. Ndinazikwecha ndi burashi ndi sopo, kuziumitsa pafupi ndi chotenthetsera nyumba, kuzipaka polishi wakuda yemwe ndinabwera naye m'chikwama, kawiri, n'kuzipukuta ndi sokosi yakale mpaka zinawala. Zingwe zake zothethekazo ndinataya, ndinaikamo zatsopano. Mpeni ndinautsuka n'kuubwezera ku masipuni, nyuzipepala ku bini, jombo m'kabati ya zovala. Ndinapita kunyumba ndikudziyamikira njira yonse.

Loweruka kunacha kozizira, chipale chofewa choyamba chitagwa pang'ono usiku. Ndinawasambitsa, anadya, anamwa mankhwala. Itakwana teni koloko anadzuka okha pampando, ndodo m'manja, kulunjika kukhomo lakuseri. Anaima pamenepo akuyang'ana pansi poyera.

"Jombo zanga zili kuti?"

Ndinathamangira kukabati n'kubwera nazo ndikumwetulira, ndikudikira kuyamikiridwa. Anaziyang'ana nthawi yaitali osazikhudza.

"Izi si zanga."

"Ndi zanu, a Norman. Ndakutsukirani."

"Zanga ndi zofiirira. Izi ndi za mnyamata watsopano uja." Mawu awo anatsika. "Andichotsa mu timu, eti? Ndiuze zoona. Andichotsa chifukwa cha bondo?"

Ndinachita cholakwa chachiwiri, chomwe kusukulu ya ntchitoyi anatiletsa: ndinayamba kutsutsana nawo. Ndinawauza kuti palibe timu, kuno ndi ku Canada, mpira anasiya kalekale. Nkhope yawo inagwa. Anabwerera pampando n'kukhala, manja ali pa mawondo. Ndinaganiza kuti zatha, aiwala pompano monga amaiwalira zonse. Ndinasiya jombozo pa tebulo n'kutsikira pansi kukachotsa zofunda m'makina ochapira. Sindinathe mphindi khumi. Pokwera ndinamva mphepo yozizira m'miyendo. Khomo lakutsogolo linali pululu, chipewa palibe pa msomali, jekete lili pomwepo.

Ndinayang'ana kubafa, kuchipinda, kuseri, ndikuitana dzina lawo. Kenako ndinaimbira Mayi Zulu.

"Mayi, atuluka. Sanavale jekete."

"Osalira manje. Ine niimbira apolisi na Linda. Iwe tenga jekete na bulangete, uthamange. Anali kukamba za chani asanachoke?"

"Za timu. Akuti awachotsa."

"Ndiye afuna sitima yopita ku timu. Yambira ku basi."

Ndinatenga jekete ndi bulangete, ndipo mpaka lero sindidziwa chomwe chinandichititsa kutenganso jombo zija pa tebulo. Panja, pa chipale chopyapyala, panali mapazi a masilipasi ndi timadontho ta ndodo, kulowera kumanja. Ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, mayi wamkulu ndithu, jombo zikundimenya m'nthiti. Pamsewu waukulu anali atathira mchere, chipale chitasungunuka, ndipo mapazi aja anathera pomwepo. M'mutu mwanga munkangomveka mawu a Linda akuti kachitatu.

Ndinawapeza pa kanyumba kagalasi kodikirirapo basi, misewu iwiri kuchokera kunyumba. Anali atakhala pa benchi, chipewa kumutu, juzi yokha m'thupi, masilipasi atanyowa, milomo itayamba kuda. Ndinatumiza uthenga kwa Mayi Zulu kuti ndawapeza, kenako ndinapuma kaye kuti ndisawafikire ndi wefuwefu. Ndinabwera chakutsogolo, ndinanena dzina langa, ndinawafunditsa jekete. Analikankhira pansi.

"Ndikukaonana ndi manejala," anatero. "Andiuze pamaso."

"Tiyeni kunyumba, kukuzizira."

"Sindikudziwa iwe. Ndisiye."

Kuwakoka sindikanatha, ndipo n'koletsedwa. Patali ndithu, pa maloboti, ndinaona basi ikubwera. Ndinagwira njakata. Pamenepo miyendo yanga inachita zomwe inaphunzira ku Dedza, osandifunsa. Ndinagwada pa simenti yonyowayo patsogolo pawo, monga ndikanagwadira bambo anga ondibereka nditawalakwira, ndipo dzanja langa linagwira bondo lawo lovuta lija. Ndinkafuna kupepesa basi.

A Norman anandiyang'ana pansipo, ndipo maso awo anasintha.

"Trena," anatero chapansipansi. "Lili bwanji? Lipirira?"

Ndinakumbukira ndowa ndi siponji. Ndinalisisita bondolo ndi manja onse awiri.

"Lipirira," ndinatero. "Mukaima ku wing'a. Satuluka munthu."

"Nanga jombo? Apatsa wina."

Kuseri kwa kanyumbako, m'munsi mwa mpanda wa maluwa, madzi amchere anali atasungunula dothi. Ndinapita pamenepo ndi jombo zomwe dzulo lake ndinathera ola ndikuziwalitsa, n'kuziviika m'matope. Ndinazipaka ndi manja anga, pamwamba, m'mbali, m'zingwe zatsopano zija, pakati pa mano akunsi, mpaka polishi yense anabisika. Basi inaima, chitseko chinatseguka, dalaivala anayang'ana mayi wakuda wogwada m'matope ndi nkhalamba ya masilipasi. Ndinamuuza ndi dzanja kuti azipita. Kenako ndinaika jombozo pamiyendo pa a Norman.

Anazitembenuza, anakanda matope ndi chikhadabo.

"Ndani wazisiya chonchi?"

"Inuyo, sabata yatha."

"Manyazi ake," anatero akupukusa mutu. "Mpira uli fili koloko. Mpeni wanga uli kuti?"

"Uli kunyumba."

"Ndiye tikudikira chiyani?"

Anavala jekete okha. Tinayenda pang'onopang'ono, dzanja langa lili m'khwapa mwawo, iwo atakumbatira jombo pachifuwa, matope akudetsa jekete. Sindinanene kanthu za jeketelo.

Kunyumba ndinawavula zonyowa, kuwafunditsa, kuwapatsa tiyi wofunda, kuyang'ana zala zakumapazi chimodzichimodzi. Wapolisi anafika, anaona kuti ali bwino, analemba zake n'kumapita. Mayi Zulu anafika ndi zida zawo nawayeza. Ine ndinayala nyuzipepala pakhomo lakuseri, ndinakatenga mpeni ku masipuni kuja ndi kachitini ka mafuta, ndinawaikira kampando. Anayamba kupala matope, pang'onopang'ono, akuimba mluzu. Zala zomwe zinkalephera batani zinkaudziwa mpeniwo.

Linda anafika ndi sitima cha m'ma wani koloko, maso ali ofiira. Anaima pakhomo la khitchini kuyang'ana bambo ake, kenako anatiitanira pabalaza.

"Aka n'kachitatu," anatero.

Ndikanatha kukhala chete. Matenda oiwala amasenza mlandu uliwonse womwe mungawasenzetse, ndipo palibe akanadziwa. Koma bambo aja akanachoka m'nyumba mwawo chifukwa cha polishi wanga. Ndinafotokoza zonse: sopo, polishi, zingwe, kabati, ndi mawu omwe ndinawauza akuti palibe timu. Ndinati sanatuluke chifukwa choti matenda akula, anatuluka chifukwa ndinawalanda ntchito yawo. Ndinati ngati pali wochoka m'nyumba muno, achoke ndine.

Linda anakhala pansi n'kuphimba nkhope. Atayankhula, anatiuza zomwe ine sindinkadziwa chifukwa sindinkabwera Loweruka. Chibwerereni ku Canada, Loweruka lililonse m'mawa bambo ake ankapala jombozo ndi kuzipaka mafuta, fili koloko n'kuzivala, kuzungulira kabwalo ka kuseri kangapo, kenako kuzisiya pakhomo kuti ziume mpaka Loweruka linalo. Iye anakula akuziona moti sanaganizeko zozilemba pa pepala.

"Amayi ankadana nazo jombo zimenezi," anatero, akuseka ndi misozi. "Zaka makumi asanu, koma sanazikhudzepo."

Anatifunsa ngati zidzachitikenso. Mayi Zulu anati palibe angalonjeze, koma pachitseko pangaikidwe belu lolira munthu akatsegula, ndipo tsopano tikudziwa chomwe chawatulutsa. Linda anayang'ananso kukhitchini, komwe mluzu unkamvekabe.

"Tiyese mpaka chisanu chithe," anatero. "Ndipo Loweruka ndikufuna azibwera Eneless."

Mayi Zulu anachotsa pepala la pa firiji n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti jombo za pakhomo lakuseri zisakhudzidwe. Potuluka anandikokera pambali. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndinakalipiridwadi, mokwanira, za kusiya munthu wokhumudwa yekha ndi za kutsutsana naye. Lipoti ndinalemba ndekha, masamba awiri. Koma ali pa galimoto anatembenuka.

"Kugwada kwako kuja," anatero, "kwa a Norman aba, usasiye."

Fili koloko itakwana tsiku limenelo a Norman anavala jombo, ine ndinamanga lamba m'chiuno mwawo, tinazungulira kabwalo ka kuseri kawiri. Patapita masabata awiri nthaka inauma gwa ndi chisanu, kunja kosatulukika, ndipo jombo zinasiya kuda. Ndinaona kuti Loweruka lotsatira adzasowa chopala. Ndiye Lachisanu lililonse, iwo akagona masana, ndinkatapa dothi mu mphika wa maluwa wa pawindo, kulisakaniza ndi madzi m'kambale, n'kuzipaka jombo zija, kuziika pa nyuzipepala kuti ziume. Ine amene ndinkabweza ana a eni pa geti chifukwa cha fumbi. Bambo a kunyumba nditawauza anaseka mpaka kutsamwa, n'kufunsa ngati nsapato zawonso zingapumeko. Ndinati ayi, zawo ndi nkhani ina.

Chisanu chinatha, Linda sanatchulenso za nyumba ya okalamba. Mabatani ndinawasiyira. Ndinkaima pambali manja nditabisa kumbuyo, ndikuwerenga maluwa a pa katani, mpaka amalize, ndipo masiku ena batani linkalowa pa bowo lolakwika n'kukhala choncho tsiku lonse. A Norman anakhala m'nyumba mwawo chaka china ndi theka. Sanatulukenso. Dzina langa sanaligwire mpaka mapeto, ankangonditcha trena, ndipo ine ndinkavomera.

Lero ndine amene ndimayendera antchito atsopano m'makomo, ndipo ambiri ochokera kwathu amabwera ndi manja ofulumira ngati anga aja, aulemu, ofuna kulandira chilichonse m'manja mwa munthu wamkulu. Sindiwaseka, chifukwa ulemu umenewo ndi womwe unandigwaditsa pa siteji ya basi. Ndimangowauza kuti asanatsuke, asanakonze, asanachotse chinthu pamalo pake, afunse kaye kuti n'cha ntchito yanji, ndipo chomwe munthu akuthabe kuchita yekha, ngakhale mochedwa, ngakhale mokhota, amusiyire.

Loweruka lomaliza lomwe a Norman anali ndi mphamvu zokhala tsonga, sanathe kufika kukhomo lakuseri. Ndinayala nyuzipepala pabedi n'kubweretsa jombo. Mpeni unkawagwa m'manja, ndiye ndinagwada pambali pa bedi kuwagwirira jombo imodzi, iwo akupala ndi chala. Anayeretsa kachigawo kakang'ono kutsogolo kwake, anapakapo mafuta, kenako anatsamira pilo n'kutseka maso.

"Zatheka, trena?"

"Zatheka," ndinatero.

Anamwalira Lachitatu lotsatira, m'chipinda chawo, Linda ali pambali. Titabwerako kumaliro Linda anandipempha kuti ndimuthandize kulongedza katundu. Titafika pa jombo anandipatsa nsanza, n'kundifunsa ngati ndingazipukute asanaziike m'katoni. Ndinaziyang'ana, imodzi yamatope yonse, inayo ili ndi kachigawo kamodzi koyera, kokula ngati chala chachikulu. Ndinamubwezera nsanzayo, ndipo tinaziika m'katoni momwe zinalili.